Wapolisi akalakwa, alipila ndani? Phunzilo locokela ku New York

Mzinda wa New York ku America uli ndi apolisi oposa 30,000, ndipo ndi amene amadziwika kwambili pa dziko lonse. Koma nkhani zawo za nkhanza zimationetsa cinthu cimodzi cimene ngakhale mlimi wa kumudzi ayenela kucimvetsa: wapolisi akalakwa, kawili-kawili amene amalipila ndi anthu wamba.

Mumzindawu munthu wozunzidwa ali ndi njila ziwili. Yoyamba ndi kukadandaula ku kabungwe ka Civilian Complaint Review Board. Kuyambila mu 1993, pa nthawi ya meya David Dinkins, kabungweka kamayendetsedwa ndi anthu amene si apolisi. Kamafufuza za kumenya, kugwilitsa nchito mphamvu molakwika, mwano ndi kutukwana. Koma kakatsiliza kufufuza, kamangopeleka maganizo ake cabe. Wopeleka cilango ndi mkulu wa apolisi. Ndiye kuti mbusa ndi amene amaweluza agalu ake.

Njila yaciwili ndi kukasuma ku khoti kuti mzinda upeleke cipukuta misozi. Mu 1997 apolisi a ku Brooklyn anazunza mocititsa manyazi Abner Louima, mwamuna wocokela ku Haiti, m'kati mwa polisi mwenimweni. Wapolisi Justin Volpe anaweluzidwa kukhala m'ndende zaka 30, ndipo mu 2001 Louima anagwilizana zolandila madola 8.75 miliyoni.

Nkhani ya Eric Garner ndiyo ionetsa bwino mmene zinthu zimayendela. Mu July 2014 apolisi anam'gwila pom'ganizila kuti agulitsa ndudu zosalipila msonkho. Wapolisi Daniel Pantaleo anam'kanyanga pakhosi, kagwilidwe kamene apolisi a mumzindawu analetsedwa mu 1993. Garner anadandaula kambili-mbili kuti sakutha kupuma, mpaka anamwalila. Mu 2015 mzinda unavomela kulipila banja lake madola 5.9 miliyoni, koma wapolisiyo anakhalabe pa malipilo mpaka mu August 2019 pamene anacotsedwa nchito, kabungwe kaja katalimbikila mlanduwo. Sanaimbidwe mlandu wakupha. Ndalama zinatuluka m'caka cimodzi, cilango cinatenga zaka zisanu.

Kodi ndalamazi zicokela kuti? Zicokela m'thumba la mzinda, kutanthauza misonkho. Mu 2022 ndi mu 2023, New York inalipila madola oposa 100 miliyoni caka ciliconse pa milandu ya apolisi. Izi ndi ndalama zimene zikanagula mankhwala kapena kukonza masukulu. Popeza wolakwayo kawili-kawili salipila kanthu, saona cifukwa cosinthila khalidwe, ndipo mawa amalakwanso.

Cina cimene cinali kuteteza olakwa ndi cinsinsi. Lamulo lochedwa 50-a, la mu 1976, linali kuletsa anthu kuona mbili ya madandaulo a wapolisi. Linafafanizidwa mu June 2020, George Floyd ataphedwa ku Minneapolis. Mabuku atatsegulidwa, anthu anaona kuti apolisi ena anali ndi madandaulo ambili-mbili, koma anali akali pa nchito, ena mpaka kukwezedwa.

Ena adzati apolisi amagwila nchito yoopsa, ndipo si dandaulo lililonse limene ndi loona. Zimenezo n'zoona. Koma kufufuza poyela kumathandiza wapolisi wabwino, cifukwa kumam'siyanitsa ndi woipa. Anthu akataya cikhulupililo mwa apolisi amaleka kucitila umboni, ndipo amene amakondwa ndi akawalala.

Kuno kwathu ku Zambia njila ziwilizi ziliponso. Malamulo aakulu a dziko amene anakonzedwa mu 2016 anakhazikitsa Police Public Complaints Commission, ndipo kulinso Human Rights Commission. Wofuna cipukuta misozi amasumila boma kupyolela mwa Attorney General, ndipo akapambana, zolipila zimacokela ku misonkho ya tonsefe, kuphatikizapo ya mlimi wogula feteleza ndi mayi wogula sopo.

Motelo, abale ndi alongo, ngati wina wa m'banja kapena wa mumphakati wanu wazunzidwa, musangodandaulila pansi pa mtengo. Lembani tsiku, nthawi, dzina la polisi ndi nambala ya galimoto. Pitani ku cipatala msanga ndi kusunga mapepala onse. Pezani mboni zisanabalalike. Mlandu wa Garner unadziwika cifukwa munthu wina anajambula zonse pa foni.

Ndipo kwa aphungu athu a ku nyumba ya malamulo funso ndi ili: kodi dandaulo likapezeka loona, wolakwayo amalandila cilango cotani, ndipo anthu amauzidwa? Makolo anati mlandu suola, koma wosauka amatopa msanga kuposa boma. Tisalole kuti cilungamo cizidikila zaka zisanu.