Ulendo wa M-Pesa waonetsa kuti intaneti payokha sitsegula msika wakunja

Maganizo amene afala masiku ano ndi akuti intaneti yafafaniza malire a mayiko, moti kampani ikhoza kuchita malonda kulikonse popanda kumanga ofesi kapena kulemba antchito m'dzikolo. Maganizowa ali ndi pogwira, chifukwa mu Januwale 2016 kampani ya Netflix ya ku America inayamba kuonetsa mafilimu m'mayiko ena 130 tsiku limodzi. Komabe mbiri ya M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa lamya ya m'manja yomwe inayambira ku Kenya, ikusonyeza kuti luso lamakono limaoloka malire msanga koma msika umatsegulidwa ndi zinthu zina: chilolezo cha boma, maejenti ofikira anthu kumidzi ndi mphamvu ya ndalama ya dzikolo.

Kampani ya Safaricom inakhazikitsa M-Pesa mu Malichi 2007 mogwirizana ndi Vodafone ya ku Britain. Panthawiyo anthu ambiri a ku Kenya analibe akaunti kubanki, ndipo ogwira ntchito m'tauni ankatumiza ndalama kumudzi kudzera mwa abale kapena oyendetsa mabasi. Dzikolo linalibenso lamulo lenileni lokhudza ndalama za pa lamya. M'malo moletsa, banki yaikulu ya boma inapereka kalata yolola ntchitoyi, pa mfundo yakuti ndalama za makasitomala zizisungidwa padera kubanki osasakanizidwa ndi za kampani. Safaricom inali kale ndi makasitomala ambiri kuposa kampani ina iliyonse ya lamya, ndipo ogulitsa mayunitsi ake ndiwo anasanduka maejenti oyamba.

Poona kuti zayenda ku Kenya, eni M-Pesa anayamba kuipititsa kunja. Inafika ku Tanzania m'chaka cha 2008, ku Democratic Republic of Congo mu 2012, ndipo ku Mozambique ndi Lesotho mu 2013. M'mayiko amenewa inakhazikika chifukwa vuto linali lofanana ndi la ku Kenya: nthambi za mabanki zinali zochepa ndiponso zotalikira anthu wamba.

Ku South Africa zinthu sizinatero. Kampani ya Vodacom inayambitsa M-Pesa kumeneko mu 2010 mogwirizana ndi banki ya Nedbank, ili ndi chiyembekezo chopeza makasitomala 10 miliyoni. Inayesanso kachiwiri mu 2014, koma pofika 2016 amene ankaigwiritsa ntchito anali pafupifupi 76,000 okha, ndipo mu Juni chaka chomwecho inatsekedwa. Anthu ambiri a m'dzikolo anali kale ndi maakaunti kubanki, masitolo akuluakulu ankatumiza kale ndalama pamtengo wotsika, ndipo malamulo ankafuna kuti ntchitoyi iyendetsedwe pansi pa banki. Ku Romania ndi ku Albania M-Pesa inatsekedwa mu 2017, pamene ku India inatha mu 2019 itapanikizidwa ndi njira zolipirira za m'dziko momwemo, kuphatikizapo ya UPI yomwe inayamba mu 2016. M'mayiko onsewa lusolo linali limodzimodzi. Chinasiyana ndi chosowa cha anthu ndiponso malamulo.

Phunziro lalikulu koposa lachokera ku Ethiopia, dziko la anthu oposa 120 miliyoni kumene kwa zaka zambiri ntchito za lamya zinali m'manja mwa kampani imodzi ya boma, Ethio Telecom. Boma litatsegula msikawu, gulu lotsogozedwa ndi Safaricom, momwe munali Vodacom, Vodafone, Sumitomo ya ku Japan ndi bungwe la CDC la ku Britain, linapambana chiphaso mu Meyi 2021 pamtengo wa madola 850 miliyoni a ku America. Kampani ya MTN ya ku South Africa, yomwe inalonjeza madola 600 miliyoni, sinapatsidwe chiphaso.

Koma monga akunenera akuluakulu, kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Chiphasocho sichinalole Safaricom kuyendetsa ndalama za pa lamya, chifukwa lamulo la nthawiyo linkaletsa makampani akunja kutero. M'mwezi womwewo wa Meyi 2021, Ethio Telecom inakhazikitsa njira yake yotchedwa Telebirr. Safaricom inayamba ntchito za lamya mu Okutobala 2022 itaimika nsanja zake ndi kubwereka zina kwa mpikisani wakeyo. Lamulo litasinthidwa, inalipiranso madola 150 miliyoni kuti ilandire chiphaso cha M-Pesa mu Meyi 2023, ndipo ntchitoyi inayamba mu Ogasiti chaka chomwecho. Apa n'kuti Telebirr itatsogola ndi zaka ziwiri, italemba makasitomala mamiliyoni ambiri ndiponso italumikizidwa ndi malipiro a mafuta agalimoto ndi ntchito zina za boma.

Vuto lina linadza mu Julayi 2024 pamene boma la Ethiopia, mogwirizana ndi bungwe la IMF, linalola kuti mtengo wa ndalama yake ya birr uziyendera msika. Dola imodzi inali pa ma birr pafupifupi 57, koma patangopita milungu yochepa inadutsa 100. Kampani yomwe imagula zipangizo ndi kubweza ngongole m'madola pamene makasitomala ake akulipira m'ma birr imaluza pomwepo, ngakhale chiwerengero cha makasitomala chikukwera. Mu Novembala 2024 Safaricom inatsitsa chiyerekezo cha phindu lake la chaka chifukwa cha kugwa kwa birr.

Nkhaniyi ikusonyeza kuti makampani amakono akamalowa m'dziko lachilendo amadutsa njira zitatu. Ena amagula kampani yomwe ilipo kale, monga inachitira Bharti Airtel ya ku India mu 2010 pogula nthambi za Zain m'mayiko 15 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, pamtengo wa madola 10.7 biliyoni. Ena amagwirizana ndi banki kapena kampani ya m'dzikolo. Ena amayamba okha kuchokera pansi, monga Safaricom ku Ethiopia, njira yomwe imadya ndalama zambiri ndipo phindu lake limachedwa. Njira zonsezi zimadutsa pa desiki ya wogwira ntchito m'boma amene amapereka chiphaso, kukhazikitsa misonkho ndi kuvomereza kutumiza phindu kunja.

Dziko la Malawi silili kutali ndi zimenezi. Airtel Money inayamba kuno mu 2012 ndipo Mpamba ya TNM inatsatira mu 2013. Bungwe la MACRA linapereka chiphaso kwa Starlink mu 2022, ndipo kampaniyo inayamba kupereka intaneti m'dziko muno mu 2023. Kutsika kwa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakhudza makampani ogula zipangizo kunja mofanana ndi mmene birr inakhudzira Safaricom.

Mu Febuluwale 2024 atsogoleri a mayiko a African Union anavomereza ndondomeko ya malonda a pa intaneti pansi pa mgwirizano wa AfCFTA, yomwe cholinga chake ndi kugwirizanitsa malamulo a malipiro ndi kasungidwe ka mbiri za makasitomala. Ndondomekoyi idzagwira ntchito pokhapokha mayiko akaivomereza m'malamulo awo. Kufikira nthawi imeneyo, kampani iliyonse yofuna msika wakunja, kaya ya ku Nairobi kapena ya ku Blantyre, ipitiriza kugogoda pakhomo la dziko lililonse palokha. Zomwe zinachitika ku Nairobi mu 2007 ndi ku Addis Ababa mu 2021 zikusonyeza kuti nthawi imene boma lapereka chilolezo, ndi mfundo zimene laikamo, ndizo zimagamula amene alamulire msika kwa zaka zambiri.