Ana a ku Misuku si mbuli za masamu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lanu za ana athu a kuno ku Mughese, m'mapiri a Misuku, amene akutchedwa mbuli za masamu pamene vuto lili pena.

Mwana wa kuno amayamwa Chisukwa kapena Chindali. Pofika zaka 6 amakhala akudziwa kale kuwerenga mbuzi za kwawo, kugawa nthochi mosakondera, ngakhale kuzindikira kuti wam'golosale wamubera chenji. Koma akangolowa Sitandade 1 amakumana ndi Chingerezi ndi Chichewa, zonse zachilendo m'khutu mwake. Inde, Chichewa chomwe ndikulemberachi nachonso kuno n'chobwera.

Nkhaniyi inayamba kale. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku a ziyankhulo zathu sanabwere. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linati chophunzitsira chikhale Chingerezi.

Tsono taonani zimene zimachitika m'mutu mwa mwana. Katswiri wina wa ku Russia, Lev Vygotsky, m'buku lake la 1934 anafotokoza kuti ana akapatsidwa ntchito yovuta amayamba kudziyankhulira okha, ndipo ntchito ikakula kuvuta, kudziyankhulirako kumachulukanso. Akamakula mawuwo amalowa mkati n'kusanduka maganizo. Ngakhale ife akuluakulu, tikamawonkhetsa makilogalamu a khofi amene tapereka, milomo imagwedera m'chiyankhulo cha amayi athu.

Mutu wa munthu susunga zinthu zambiri nthawi imodzi. Mukafunsa mwana m'Chingerezi kuti bambo anathyola makilogalamu 12 Lolemba ndi 9 Lachiwiri, onse pamodzi ndi angati, iye ayambe wamasulira funsolo, manambala ali chigwirire. Pomaliza kumasulira, 9 uja wagwa. Zili ngati kumusenzetsa mitolo iwiri ya nkhuni pa chitunda, ndiye akapunthwa ife n'kumati alibe mphamvu. Funso lomwelo mufunseni m'Chisukwa, muona 21 akutuluka musanatseke pakamwa.

Chondiwawa n'chakuti m'makalasi ena mwana akamanong'ona m'chiyankhulo chake posova samu amamudzudzula kuti akusokosa, pena kumutuma kukasesa panja. Kodi pamenepo sitikumulanda khasu lomwe akulimira? Mwana wotere amangokhala duu, n'kuyamba kuloweza mayankho osawamva, ndipo chaka chikatha amabwereza kalasi kapena kuleka sukulu.

Wina asandimve molakwa. Chingerezi tikuchifuna, pakuti mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa. Pempho langa kwa aphunzitsi n'lakuti muzilola ana akambirane samuyo awiriawiri m'chiyankhulo chawo, akaipeza njira, apereke yankho m'Chingerezi. Mphunzitsi wochokera kutali asachite manyazi kufunsa anawo mayina a manambala m'Chisukwa. Masiku ochepa akwanira.

Kwa inu abusa ndi akulu a mpingo, mumadziwa kale kuti ulaliki umalasa mtima ukamveka m'chiyankhulo cha eni mudzi. Ambiri mwa inu muli m'makomiti a sukulu. Chonde kaitchuleni nkhaniyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi teremu ino isanathe.

Kholo lodandaula,
Mughese, Chitipa.