Makampani amatiwerenga, nafenso tidziwerenge

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi alimi anzanga a ku Dowa ndi ku Ntchisi, pamodzi ndi abusa ndi ansembe athu, pa nkhani ya ziwerengero zimene makampani amasunga zokhudza ife.

Kuyambira m'chaka cha 2012, pamene boma linavomereza ulimi wa fodya wa pamgwirizano, ambiri a ife timalima tili m'manja mwa makampani monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Mlangizi wa kampani akafika pakhomo amayeza kukula kwa munda, amalemba matumba a fetereza amene mwakongola, amaona nazale ndi chigafa chomwe. Zonsezi zimakalowa mu kompyuta. Fodya akafika ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, belo iliyonse imalembedwa kulemera kwake, giredi yake ndi mtengo wake.

Akaphatikiza ziwerengero za zaka zingapo, eni kampani amadziwa mlimi wobweza ngongole ndi wozemba, dera lotulutsa tsamba labwino, ndiponso fodya amene angayembekezere chaka chamawa mvula isanagwe n'komwe. Makampani a lamya nawonso amatero. Ndalama iliyonse yodutsa pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba imasiya phazi, ndipo mapazi amenewo amaonetsa munthu woyenera kumukongoza.

Sindikuwadzudzula ayi. Ine ndinayendetsa sukulu zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti popanda kaundula sungadziwe mwana wojomba. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wogula ali ndi kaundula wake, koma wogulitsa alibe. Tafunsani mlimi wa pa Mponela kapena pa Malomo kuti kilogalamu imodzi ya soya yamudyera ndalama zingati kuyambira mbewu, aganyu mpaka matumba. Ambiri adzangoti "zinalowa zambiri ndithu". Tsono venda akafika ndi sikelo yake, lamya itamuuza kale mtengo wa ku Lilongwe, mlimiyo adzakana bwanji mtengo wolira? Chimodzimodzi pa fodya: kampani ikadula ngongole, ndi angati amene angatsimikize kuti yadula zoyenera?

Pempho langa ndi ili. Kalabu iliyonse ya alimi igule kope limodzi lachikuto cholimba. M'menemo muzilembedwa munda wa membala aliyense, zimene analowetsa, zimene anakolola, tsiku logulitsa ndi mtengo wake. Mapepala a ku okushoni tisamayatsire moto. Mwana wa Sitandade 8 angathe kuwonkhetsa masamu amenewa. Pakatha zaka zitatu, kalabu idzadziwa yokha ngati phindu lili pa fodya, pa soya kapena pa mtedza.

Inu atsogoleri a mipingo, mumasunga bwino mabuku a ubatizo ndi a chopereka. Phunzitsani luso lomwelo m'miphakati ndi m'milaga, pakuti nkhosa zanu zikusauka chifukwa chogulitsa mumdima.

Tidziwenso kuti m'chaka cha 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu imene ena amasunga, ndipo bungwe la MACRA ndilo likuyang'anira. Lamuloli limatipatsa ufulu wopempha kampani kuti itionetse zimene yalemba za ife. Tisaope kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dowa.