MADZI A PA CHITSIME CHA BETELEHEMU NDI NGOLO ZOPANDA MUNTHU



Sabata yatha mdzukulu wanga anandionetsa kanema wa ku nkhondo ya ku Ukraine pa foni yake. Ndinaona kangolo kachitsulo, koyenda ndi matcheni ngati kasinja wamng'ono, kakukwawa m'matope popanda ng'ombe yokakoka kapena munthu wokakankha. Pamwamba pake panagona msilikali wovulala, atamufunditsa bulangete. Wokayendetsa anali kutali, m'dzenje lobisalamo, akuyang'ana pa kompyuta. Mwanayo anandifunsa kuti, “Agogo, kodi Mulungu amakondwera ndi zimenezi?” Ndinamuyankha kuti andipatse masiku angapo. Yankho langa ndi ili, ndipo mundikhululukire kuti latalika.

Makina amenewa, amene ambiri akuwatcha maloboti a pansi, sanayambe lero. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Ajeremani anali ndi kakasinja kotchedwa Goliath, konyamula mabomba, koyendetsedwa ndi waya wautali. Asilikali a ku America anagwiritsa ntchito kaloboti kotchedwa PackBot ku Afghanistan ndi ku Iraq, kusuzumira m'mapanga ndi kutegula mabomba otchera m'misewu. Anayesanso kupanga bulu wachitsulo wa miyendo inayi woti azisenza katundu, koma mu 2015 anamuika pambali, mwa zina chifukwa injini yake inkasokosa kwambiri, moti mdani akanamva msanga. Kampani ya Milrem ya ku Estonia inapanga ngolo yotchedwa THeMIS, imene inayesedwa konkuno ku Africa, m'dziko la Mali, mu 2019. Imanyamula makilogalamu 750, ndiye kuti matumba 15 a chimanga. Koma kumene ntchitoyi yakulira ndi ku Ukraine, chiyambire nkhondo yaikulu mu February 2022. Kumeneko tindege topanda woyendetsa tadzaza mlengalenga, ndipo galimoto iliyonse yoyandikira kumene akumenyanirana imaonedwa ndi kuphulitsidwa. Tsono madzi, chakudya ndi zipolopolo akumazitumiza pa ngolo zimenezi, ndipo pobwerera zimatenga ovulala ndi mitembo. Zimatitimira m'matope, zimagubuduka, mdani amazisokonezera mauthenga, komabe ikaphulitsidwa imodzi palibe mayi amene amamanga nsalu m'mimba.

Ndiyambe ndi kuvomereza, pakuti si bwino mkulu wa mpingo kumangotsutsa chilichonse chatsopano. Pa mbali iyi ine ndikuthokoza Mulungu.

Werengani 2 Samueli 23:13-17. Davide ali ku phanga la Adulamu, Afilisti atagwira mudzi wa kwawo, analakalaka madzi a pa chitsime cha pa chipata cha Betelehemu. Ngwazi zake zitatu zinabowola misasa ya adani, zinatunga madziwo ndi kubwera nawo. Davide anakana kumwa. Anawathira pansi pamaso pa Yehova, chifukwa anawaona ngati mwazi wa amuna amene anataya moyo wawo kukawatunga. Mfumu ija inadziwa mtengo wa chikho chimodzi cha madzi pa nthawi ya nkhondo.

Ife a dziko lino mtengo umenewo timaudziwa kuposa mitundu yambiri. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, boma la atsamunda linalibe misewu kapena magalimoto okwanira kuthamangitsa Ajeremani m'tchire la ku Tanganyika ndi Mozambique. Ngolo zawo zinali mitu ya makolo athu. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mokakamizidwa, aliyense atasenza katundu wa makilogalamu ngati 25, ndipo osawerengeka anatsala m'njira chifukwa cha njala, kamwazi ndi chimfine cha mu 1918. Agogo anga aamuna ankaifotokoza nkhaniyi mwachidule kwambiri, kenaka n'kukhala chete. Mukapita ku Zomba mudzaona nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles, koma manda a onyamula katundu ambiri palibe amene angakulozereni. Kukanakhala ngolo ya chitsulo masiku amenewo, midzi ingati ikanasunga ana ake?

Ndipo si za kale zokha. Mu November 2018, kufupi ndi Beni m'dziko la Democratic Republic of Congo, asilikali athu 6 osungitsa mtendere anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala pamtetete, zipolopolo zikugwa ngati mvula. Anamukokera pobisika, ndipo ali mkati momuthandiza anawomberedwa. Mtanzania uja anachira. Bungwe la United Nations linalemekeza Chitete mu May 2019 ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Ndikamaona kangolo kaja konyamula wovulala, ndimaganiza za mnyamata ameneyu ndi banja lake. Sindinena kuti chitsulo chingakhale ndi chikondi chimene iye anali nacho, ayi. Ndikungonena kuti mkazi wamasiye aliyense akanasankha mwamuna wamoyo m'malo mwa mendulo.

Tsono tsegulani buku lomwelo pa mutu 11, mukumane ndi Davide yemweyo atasintha. Inali nyengo imene mafumu amapita kunkhondo, koma iye anatumiza Yowabu kukazinga mzinda wa Raba, mwini wake n'kutsala ku Yerusalemu, akuyendayenda pa denga la nyumba yachifumu. Nkhani ya Bateseba mukuidziwa. Chimene ndikufuna muone ndi mmene Uriya anafera. Davide sanasolole lupanga. Analemba kalata, n'kumupatsa Uriya yemweyo kuti aipereke. Mthenga atabwera ndi mbiri ya imfayo, mfumu inangotumiza mawu kwa Yowabu kuti asavutike nazo mtima, popeza kunkhondo anthu amafa ndithu. Munthu amene kale sanathe kumeza madzi chifukwa cha moyo wa asilikali ake, tsopano anameza imfa ya msilikali wokhulupirika ngati phala. Chinasintha n'chiyani? Anali atatalikira. Fumbi la kunkhondo silinkamufikanso, ndipo mwazi sankauonanso ndi maso.

Apa ndi pamene pagona mantha anga. Ngolo yonyamula madzi ndi yomweyo imene akuimangirira mfuti. Mu December 2024, kufupi ndi mudzi wa Lyptsi m'chigawo cha Kharkiv, gulu lina la asilikali a Ukraine linalengeza kuti lathira nkhondo pogwiritsa ntchito makina okhaokha, a pansi ndi a mlengalenga. Mu July 2025 gulu linanso linanena kuti asilikali a Russia anadzipereka kwa maloboti, popanda msilikali kuponda pamalopo. Dziko la Russia nalo lili ndi ake, ndipo lina lotchedwa Uran-9 linakayesedwa ku Syria. Sindiweruza anthu a ku Ukraine, amene akuteteza nyumba zawo ndi asilikali ochepa. Koma nzeru ikabadwa sikhala kwa mwini wake yekha. Chimene kwa zaka zambiri chakhala chikuwabweza olamulira amphamvu ndi mabokosi a maliro obwerera kumudzi ndi kulira kwa amayi pa zipata za nyumba za boma. Mukachotsa kulira kumeneko mbali imodzi yokha, nkhondo idzakhala yotchipa kwa olemera, pamene osauka adzapitiriza kulipira ndi matupi a ana awo. John Chilembwe anadandaula zofanana ndi zimenezi m'kalata yake ya mu November 1914 yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, pofunsa chifukwa chimene amphawi a kuno ankafera nkhondo ya eni chuma.

Kunena zoona, makina ambiri a lero akadali ndi munthu wowayendetsa, ndipo chala chowombera n'cha munthu. Koma poti mdani amadula mauthenga pakati pa makina ndi woyendetsa, akatswiri akulimbikira kuti makinawo azitha kudziyendera, ndipo kuchoka apo kufika poti azidzisankhira womupha si patali. Ine ndinagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene mlandu umasowera mwini wake pamene fayilo yadutsa m'manja khumi. Aliyense amati ndinangosayina. Mneneri Natani atapita kwa Davide anapeza munthu womuloza chala, munthu wa chikumbumtima, wotha kusweka mtima ndi kulapa. Nanga loboti likapha mwana wotunga madzi, polisokoneza ndi msilikali, Natani adzagogoda pa khomo la yani? La wopanga, la wogula, kapena la mnyamata amene anangoliyatsa?

Mu December 2023 mayiko 152 anavomereza ku United Nations kuti nkhani ya zida zodzisankhira zokha ikambidwe, koma chigamulocho sichinaletse chida chilichonse. Papa Francis, polankhula kwa atsogoleri a G7 ku Italy mu June 2024, anapempha kuti zida zotere ziletsedwe. Ine Mpresibateriyani ndikugwirizana naye pamenepa popanda manyazi, ndipo ndikanakonda masinodi athu a Nkhoma, Blantyre ndi Livingstonia atalankhulapo, pakuti ana a mipingo yathu ndi amene amavala yunifolomu n'kutumizidwa ku mayiko a eni.

Mdzukulu wanga ndamuuza kuti ngolo yonyamula wovulala ndiidalitsa, yonyamula mfuti ndiyiopa, ndipo yodzisankhira yokha womupha ndiikana. Iye wati akufuna kudzaphunzira zopangapanga, ndipo sindinamuletse.

Pa mapemphero a m'milaga Lachinayi likubwerali, ndikupempha kuti tiwerenge mitu iwiri ija motsatizana, ndipo amene muli ndi ana kapena abale ku usilikali mubwere ndi mayina awo tidzawatchule pamaso pa Ambuye. Chisomo chikhale nanu nonse.