Msika wa masheya ukagwa: zomwe chaka cha 2008 chikuphunzitsa ogula masheya ang'onoang'ono a ku Luangwa

Msika wa masheya wa mumzinda wa Lusaka, womwe umadziwika ndi dzina loti LuSE, unachita bwino m'zaka za 2024 ndi 2025, ndipo unawerengedwa pakati pa misika yomwe inapindulitsa kwambiri mu Africa. Nkhani zotere sizithera mu likulu la dziko la Zambia. Zimafika mpaka m'maboma akutali monga la Luangwa, komwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi moyang'anizana ndi Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Popeza masiku ano masheya amagulika ngakhale pa foni ya m'manja, mphunzitsi, namwino kapena wamalonda a nsomba wa ku Feira angathe kukhala mwini wa kagawo ka kampani yaikulu.

Koma pali funso lomwe silimveka kawirikawiri pamene mitengo ikukwera. Kodi munthu ameneyu adzatani tsiku lomwe mitengo idzayambe kutsika? Mbiri ya msikawu, womwe unatsegulidwa mu February 1994, ikusonyeza kuti tsiku lotero sililephera kufika. Ikusonyezanso kuti wotaya chuma kawirikawiri amakhala yemwe wakakamizika kugulitsa masheya ake pa nthawi yoipa.

Chaka cha 2008 chinayamba ndi chiyembekezo chachikulu. Kampani yogulitsa magetsi ku migodi ya Copperbelt Energy Corporation inalowa pa msikawu mu January, ndipo kampani ya mafoni ya Celtel Zambia, yomwe lero ndi Airtel, inagulitsa magawo 20 pa 100 aliwonse a masheya ake pakati pa chakacho. Anthu wamba ambiri anagula masheya koyamba m'moyo wawo pa nthawi imeneyo. Banki ya Zanaco inatsatira mu November, mphepo itatembenuka kale.

Mtsogoleri wa dziko la Zambia, a Levy Mwanawasa, anamwalira pa 19 August ku France, ndipo pa 15 September banki ya Lehman Brothers ya ku America inagwa, zomwe zinagwedeza misika ya dziko lonse lapansi. Mtengo wa mkuwa, womwe mu July unayandikira madola 9,000 pa tani, unatsika kufika pansi pa madola 3,000 pofika mu December. Kwa dziko lomwe limapeza pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a ndalama zakunja kuchokera ku mkuwa, ili linali tsoka lalikulu. Madola anachepa, kwacha inafooka kuchoka pa K3,500 kapena kucheperapo kufika kupitirira K5,000 pa dola imodzi, ndipo mgodi wa ku Luanshya unaimitsa ntchito. Ogula masheya ochokera kunja anayamba kugulitsa kuti achotse ndalama zawo kwacha isanagwe kwambiri, ndipo mitengo pa LuSE inatsika mpaka kumayambiriro kwa 2009.

Omwe anagulitsa m'miyezi imeneyo anataya ndithu. Omwe anatha kudikira anaona zinthu zikusintha. Mgodi wa ku Luanshya unatsegulidwanso mu 2009 kampani ya ku China itautenga, mkuwa unapitirira madola 10,000 pa tani mu February 2011, ndipo pofika 2014 mitengo pa LuSE inali itadutsa pomwe inali mavutowo asanayambe. Zomwezi zinachitikanso pambuyo pake: msika unatsika mu 2015 ndi 2016, unatsikanso mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19, kenako unakwera kwambiri mu 2021.

Apa m'pofunika kusiyanitsa kutsika kwa mtengo ndi kutayika kwa chuma. Mwachitsanzo, munthu amene anagula masheya 1,000 pa K5 imodzi anawononga K5,000. Mtengo ukatsika kufika pa K3, pepala limamuuza kuti watsala ndi K3,000, komabe masheya ake akadali 1,000, ndipo kampaniyo ikagawa phindu kwa eni ake iye amalandira gawo lake lonse monga kale. K2,000 ija imatayika zenizeni pokhapokha akagulitsa. Ndi chifukwa chake uphungu wofala pa nthawi zotere umakhala wa akuluakulu akale, woti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe kudekha n'kosavuta kwa munthu amene ali ndi kwina kodalira. M'boma la Luangwa moyo uli ndi zovuta zakezake. Chigwachi n'chotentha, mvula imagwa mosadalirika, mitsinje ikasefukira imakokolola minda ya m'mphepete, ndipo njovu zimawononga mbewu. Mabanja ambiri amadalira usodzi, malonda a nsomba zouma, mphasa ndi masau. Chaka ndi chaka boma limaletsa usodzi m'madzi ambiri a m'dzikomo kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, miyezi yomweyo yomwe nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo ana amafuna mayunifolomu ndi makope. Wogwira ntchito ya boma m'dera lotere sadyera yekha malipiro ake, pakuti abale onse amayang'ana kwa iye.

Choopsa kwambiri n'chakuti mavuto a msika ndi mavuto a pakhomo amakonda kubwerera limodzi. Mu 2015 mvula inachepa, madzi m'damu la Kariba anatsika, magetsi anayamba kuzimazima, mkuwa unagwa mtengo, ndipo kwacha inataya pafupifupi theka la mphamvu yake. Pofika mu February 2016 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 22.9 peresenti poyerekeza ndi chaka chapita. Munthu amene anaika ndalama zake zonse m'masheya anafuna ndalama za ufa pa nthawi yomweyo yomwe masheyawo anali otsika. Alimi a m'chigwa amazidziwa bwino zimenezi: m'chaka cha njala aliyense amatulutsa mbuzi, ogula amachepa, ndipo mbuzi imapita pa mtengo wozizira ngakhale ili yonenepa.

Pa LuSE vutoli limakula kaamba koti msikawu ndi waung'ono. Makampani olembedwapo amangopitirira pang'ono 20, ndipo masheya ambiri ali m'manja mwa makampani akuluakulu ndi mabungwe a penshoni omwe sagulitsa kawirikawiri. Masheya a makampani ena amatha masiku osagulidwa ndi munthu. Wofuna ndalama mwamsanga ayenera kulandira mtengo womwe wogula wapereka, kapena kudikira wogula amene sakudziwika tsiku lobwera.

Motero chitetezo choyamba cha wogula masheya chimakonzedwa iye asanagule. Ndalama zoyenera kupita ku msikawu ndi zomwe banja silidzazifuna kwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Za chakudya, za sukulu ndi za matenda ziyenera kukhala pomwe zingatengedwe msanga, kaya ku banki, pa foni, kapena m'gulu lodalirika la chilimba. Kugula masheya ndi ngongole, makamaka ya kaloba, n'kudziika mu msampha, pakuti chiwongoladzanja sichidikira kuti msika uchire. Ogwira ntchito ayeneranso kukumbukira kuti bungwe la penshoni la NAPSA limaika kale gawo la zopereka zawo m'masheya, choncho tsogolo lawo likudalira kale msikawu. Lamulo la mu 2023 lolola membala kutengako magawo 20 pa 100 aliwonse a zopereka zake limapereka mwayiwo kamodzi kokha.

Chachiwiri n'chakuti kudikira sikupulumutsa kampani iliyonse. Banki ya Investrust inali pa msika wa LuSE kwa zaka zambiri, koma mu April 2024 banki yaikulu ya Bank of Zambia inaitenga itaona kuti ngongole zake zaposa chuma chake. Ndalama za osungitsa zinatetezedwa, koma eni masheya ndiwo amakhala omaliza pa mzere kampani ikagwa. Mwini masheya ayenera kufufuza chomwe chatsitsa mtengo. Ngati msika wonse watsika kaamba ka mantha pamene kampani yake ikugulitsabe shuga, simenti kapena magetsi, ikupeza phindu ndi kugawira eni ake, pali chifukwa chodikira. Ngati kampaniyo yakhala ikutaya ndalama chaka ndi chaka, yasiya kugawa phindu ndipo ngongole zikuchuluka, kugulitsa pa mtengo wotsika kungakhale kwanzeru kusiyana ndi kutsala chimanjamanja. Makampani onse a pa msikawu amakakamizidwa kufalitsa malipoti a chuma chawo, ndipo mwini masheya, ngakhale ochepa, ali ndi ufulu wowawerenga ndi kufunsa mafunso pa msonkhano wa pachaka.

Ngakhale misika ikuluikulu sichira mofanana. Msika wa ku America unataya kupitirira theka la mtengo wake pakati pa October 2007 ndi March 2009, ndipo unabwerera pamalo pake mu 2013. Wa ku Japan unafika pamwamba mu December 1989 ndipo sunafikenso pamenepo mpaka mu February 2024, patapita zaka 34. Palibe angalonjeze tsiku lomwe msika udzadzuke. N'chifukwa chake anthu a m'mphepete mwa mtsinje amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chuma chogawidwa m'makampani a ntchito zosiyanasiyana, m'mabondi a boma, m'ziweto ndi m'malonda sichimira tsiku limodzi.

Chachitatu, kuthawa msika n'kusunga ndalama m'nyumba nakonso kuli ndi mtengo wake. Dola yomwe inali pafupifupi K3,500 pakati pa 2008, yomwe ndi K3.50 pa ndalama zatsopano za mu 2013, inali kupitirira K27 kumayambiriro kwa 2025. Pakati pa chaka cha 2021 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi kupitirira 24 peresenti poyerekeza ndi chaka chapita. Kwacha yosungidwa pansi pa mphasa imafumbwa mwakachetechete, kungoti palibe wailesi yomwe imalengeza kutsika kwake tsiku ndi tsiku monga imachitira ndi masheya.

Nthawi ya kugwa kwa msika imakhalanso nthawi ya akathyali. Munthu amene waona chuma chake chikutsika amakopeka msanga ndi olonjeza kuchulukitsa ndalama m'masabata ochepa. M'dziko la Zambia aliyense wogulitsa masheya kapena wosungira anthu chuma chotere ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la Securities and Exchange Commission, ndipo ndi bwino kutsimikiza za chiphasocho ndalama zisanachoke m'manja.

Mbiri ya boma la Luangwa lenilenilo ili ndi phunziro lomweli. Dzina lakale loti Feira limatanthauza msika m'Chipwitikizi, ndipo malowa pamodzi ndi Zumbo anali pa chimake pa malonda a minyanga ya njovu ndi golide m'zaka za m'ma 1700. Malondawo anagwa m'zaka za m'ma 1830, ndipo David Livingstone podutsa mu 1856 anapeza mabwinja okhaokha. Malonda anadzabweranso pambuyo pake, koma ambiri mwa amalonda oyamba aja sanawaone. Masheya angathandize mabanja a m'chigwachi kusunga chuma cha m'tsogolo, malinga ngati banjalo lili ndi chodya pa miyezi yomwe msika wagona. Nthawi yabwino yokonza zimenezi ndi pamene mitengo ikadali pamwamba ndipo wogula akupezeka mosavuta.