Injini yabwera, koma musataye nkhafi

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo, lero ndatsikira kunyanja. Anthu ambiri akamva za Rumphi amaganiza za mapiri a Nyika, fodya wa ku Bolero ndi khofi wa ku Phoka, nkuiwala kuti boma lino lilinso ndi gombe lake, kumene kuli Chitimba, Chiweta, Mlowe ndi Tcharo. Kumeneko mapiri amatsetsereka mpaka kulowa m'madzi, malo olima ngochepa, ndipo kwa mabanja ambiri nyanja ndiyo munda, ndiyonso msewu.

Mwambi wathu walero ndi uja wakuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Njovu imene ndikunena ndi injini ya boti. Sindidana nayo ayi. Yapulumutsa amayi apakati amene kale akadafera m'njira, ndipo yafupikitsa maulendo amene ankatha tsiku lathunthu. Chimene chikundidetsa nkhawa nchakuti anyamata athu, atakhala pamsana pa njovuyi, aiwala kuti thupi la munthu wa panyanja limayenera kukonzedwa monga momwe amakonzera ukonde.

Ndinaziona ndi maso anga tsiku lina m'mwezi wa Julaye, pamene tinali pa ulendo wochokera ku Mlowe kupita ku Tcharo kukapepesa maliro. Tili pakati pa njira injini inatsokomola kawiri, nkukhala chete. Mwera unali utayamba kale kutukula madzi. M'botimo munali nkhafi ziwiri zokha, ina yong'aluka. Anyamata awiri a zifuwa zotambalala, amene kumtunda amatchuka ndi kunyamula zitsulo, anazigwira mwamphamvu ndithu, koma pasanathe theka la ola manja anali atatupa, mpweya ukuperewera, boti likungozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Amene anatipulumutsa anali mkulu wina woonda, wa imvi, amene poyamba palibe anamuganizira. Anakhala kumbuyo, nayamba kupalasa mosapupuluma, kuvuwa monga timanenera m'Chitumbuka, akuuza mnyamata mmodzi nthawi yomiza nkhafi ndi nthawi yoleka funde lidutse. Tinakocheza pa kagombe ka miyala dzuwa litapendeka, tonse tili chinyowere. Mkuluyo anangopempha fodya.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikunena kuti mphamvu za panyanja nzosiyana ndi mphamvu za pabwalo. Wopalasa bwato sadalira mikono. Bwato losema lili ndi kamwa laling'ono, munthu amakhala pamilomo pake miyendo ili m'kati, ndipo chimene chimakankha madzi ndi chiuno ndi msana, mikono nkumangoperekeza nkhafi. Miyendo nayo siipuma, chifukwa ndiyo imagwira bwato kuti lisagudubuzike funde likalimenya m'nthiti. Pamwamba pa zonsezi pamafunika mpweya wautali, uja wotha kugwira ntchito imodzimodzi maola asanu popanda mtima kuthamanga. Mphamvu zotere sizigulidwa, ndipo sizibwera m'mwezi umodzi. M'mera mpoyamba.

Makolo athu analibe mawu akuti masewera olimbitsa thupi, koma anali ndi sukulu yake. Mwana wa kugombe ankayamba ndi kusambira asanadziwe nkomwe kuwerenga zala zake. Kenako ankapatsidwa chikho chokapira madzi m'bwato, ntchito yooneka yonyozeka koma yophunzitsa kukhazikika pamadzi ogwedezeka. Akasinkhuka ankagwira nkhafi yaing'ono pafupi ndi gombe, ndipo akulu ankamugudubuzira dala bwato kuti aphunzire kulitembenuza, kulikhuthula madzi ndi kukweramonso ali pakuya. Pofika pokoka chilimira usiku, pamene anthu pafupifupi 10 amagwirizana kuzinga usipa umene wakopeka ndi nyali, thupi linali litazolowera kale. Onjezerani apo kukwera mapiri. Munthu wosenza dengu la usipa kuchokera ku Chitimba kukwera msewu wa Gorodi, uja wa makona 20 wopita ku Livingstonia kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, sankasowa wina womuphunzitsa kupuma bwino.

Panalinso miyambo yodziletsa. Msodzi sankaloledwa kulowa m'bwato ataledzera, ndipo m'madera ambiri ankauzidwa kudika, kugona padera ndi mkazi wake usiku woti mawa lake akayesa ukonde watsopano. Achinyamata amaseka zimenezi, amati nzikhulupiriro chabe. Mwina zina mwa izo zinalidi choncho, pakuti akulu ankakonda kuphimba malangizo ndi mantha kuti ana amvere. Koma mukachotsa chophimbacho mupeza nzeru yosavuta: munthu wopita kukalimbana ndi madzi usiku wonse apite atagona mokwanira, atadya, mutu uli bwino. Lero m'madoko mwathu mnyamata amachoka pa kachasu nkulunjika m'boti, ati mowa umachotsa kuzizira. Bodza lamkunkhuniza limenelo. Mowa umangonamiza khungu kuti latenthedwa pamene thupi likutaya kutentha kwake msanga, ndipo woledzera akagwera m'madzi miyendo imamukana.

Wina anditsutsa kuti, agogo, nyanja ikakwiya ngakhale wamphamvu amamira. Zoona zimenezo, ndipo ife a kuno timazidziwa kuposa ena. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi gombe lathu lomweli la Chitimba, limene azungu ankalitcha Florence Bay, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. Chigawo chino cha kumpoto ndiko nyanja yazama kwambiri, malo ena kufika mamita 700. Palibe chifuwa chimene chingagonjetse zimenezo. Koma ngozi zambiri zimene timalira m'midzi mwathu si za mtundu wa Vipya. Ndi bwato logudubuzika pamtunda woti munthu ukuona nyumba yako, ndi injini yothima mafuta atatha, ndi boti lodzaza mopitirira muyeso. Pa ngozi zotere kusiyana kwa moyo ndi imfa kumagona pa zinthu zazing'ono: kodi ungathe kuyandama ola limodzi utagwira chigubu, kodi ungathe kupalasa mpaka pa mwala uwo, kodi ungathe kukoka mnzako osamira naye limodzi.

Ngakhale okwera sitima yaikulu sapulumuka ku lamulo limeneli. Ilala, imene inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ikafika malo opanda doko ngati Mlowe ndi Tcharo imaima patali, anthu nkutsikira m'maboti ang'onoang'ono, kenako kudumphira m'madzi ofika m'chiuno katundu ali pamutu. Ndaonapo aphunzitsi anzanga, anthu a mataye, akunyamulidwa kumsana ngati ana chifukwa mawondo anakana.

Pali mdani wina amene sitimutchula kawirikawiri, ndiye likodzo. Mnyamata wokodza magazi timamuona ngati wabwinobwino, ena mpaka ankati ndi chizindikiro cha kukula. Chonsecho tizilombo timeneti, timene timachokera ku nkhono za m'madzi odekha a m'mabango, timamudya pang'onopang'ono, magazi nkumachepa, ndipo akagwira nkhafi amatopa msanga osadziwa chifukwa chake. Mankhwala ake alipo kuchipatala ndipo samwedwa masiku ambiri. Msodzi amene amasamala injini yake ndi oyilo watsopano koma iye mwini osapita kukayezetsa, wasamala njovu nkuiwala wokwerapo.

Maganizo anga tsono ndi awa, ndipo ndikuwapereka kwa mafumu, makomiti a m'madoko ndi aphunzitsi a sukulu za m'mbali mwa nyanja. Boti lililonse la injini lisachoke pagombe lopanda nkhafi zokwanira ndi anthu odziwa kuzigwiritsa ntchito. Majekete oyandamitsa avalidwe, ndipo amene amati kuvala jekete ndi mantha akumbutsidwe kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma koposa zonse ana aphunzitsidwe kusambira mwadongosolo, atsikana omwe. Apa mpamene mwambo wathu unalakwitsa, ndipo ndiyenera kuvomera. Tinkaphunzitsa anyamata okha, atsikana nkumangochapa ndi kutunga madzi m'mphepete, chonsecho amayi ndiwo amadzaza maboti popita kukagula usipa, kuchipatala ndi kumaliro, kawirikawiri mwana ali kumsana. Pa zaka zonse zimene ndinali mphunzitsi wamkulu ndinkaonetsetsa kuti ana akuthamanga ndi kusewera mpira Lachitatu lililonse masana, koma sindinaganizepo ngakhale kamodzi zopempha asodzi achikulire kuti atengere kalasi kumadzi osaya akaliphunzitse kuyandama. Nyanja inali pamtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera pa ofesi yanga.

Inu adzukulu amene muli ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, mukabwera pa tchuthi cha Khirisimasi mudzapeza nkhafi ziwiri zatsopano zili pakhonde. Ndauza amalume anu kuti adzakutengeni m'mamawa nyanja isanadzuke, mmodzimmodzi, kuyambira pa gombe mpaka pa mwala uja mumakonda kujambulirapo zithunzi, ndi kubwerera. Mafoni mudzasiya kwa agogo anu aakazi.