Musalumphe Tsamba la Darwin

Acinyamata anzanga a ku Chongwe, ndamva kuti ena mwa inu mumalumpha phunzilo la evolution m'buku la Biology, ati n'la Satana. Kodi cikhulupililo canu cimaopa tsamba limodzi?

Kafunseni amayi anu za chloroquine. Kale anali kucilitsa malungo, koma mu 2002 Boma linasankha Coartem m'malo mwake. Cinavuta n'ciani? Mankhwalawo anali kupha tizilombo tambili, koma tocepa tolimba tinali kupulumuka n'kubelekana mpaka tinaculuka. Kusefa kotele n'kumene Charles Darwin anafotokoza mu 1859. Sanalembepo kuti nyani anabala agogo anu! Nkhani ya mmene moyo unayambila, buku lakelo silinaiyankhe.

Ndipo inu amene mumasiyila mapilisi panjila mukangomvako bwino, mukupatsa mpata tizilombo tolimba tomweto.